Mawu a Amisi m'zitini za Tobiasi

Tobiasi anabwerera kwawo kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo itangotha, atanyamula gitala ndi thumba la mawailesi akufa. Anzake ankathamangira makasu ndi mbewu, iye ali pakhonde ku Chiuta, akusungunula mtovu ndi msomali wotentha. Anthu ankati nkhondo inamusokoneza mutu. Ine ndimakana. Munthuyo chinkamudya ndi chisoni cha mnzake Amisi.

Awiriwa anadziwana kumsasa wa othawa nkhondo, Tobiasi akuliza gitala, Amisi akuimba. Mawu a Amisi akatsitsa ankamveka osalala, koma akakweza ankasasa, n'kung'ambika ngati chitenje chakale. Amisi anamwalira ndi chifuwa anthu atatsala pang'ono kubwerera kwawo, osasiya ngakhale kaseti.

Tsono Tobiasi ankafuna kuti gitala izilira ngati Amisi. Ankaphwasula mawailesi aja n'kumanga tizipangizo take m'zitini za nsomba, chitini chilichonse ndi ntchito yake. China chinkakweza mawu mpaka asase. China chinkachotsa kaphokoso konga ka udzudzu kotsalira pamwamba. Chimene chinamuvutitsa kwambiri ndi chomvera dzanja, choti akakhudza nsambo pang'ono mawu atuluke oyera, akakanda mwamphamvu ang'ambike. Zitinizo ankazilumikiza ndi mawaya pakati pa gitala ndi sipika, lero ichi patsogolo, mawa pambuyo. Kumaukwati anasiya kumuitana, poti ndani angavinire gitala yodwala chimfine? Ankadya yekha, n'kumayankhula ndi zitini.

Zinamutengera zaka. Tsiku limene anakanda nsambo n'kumva mawu a Amisi, Tobiasi analira, koma panalibe woti amufunse ngati analidi iyeyo, chifukwa anzawo a kumsasa anali atabalalika. Anamanga zonse panjinga, ndi batire yomwe, n'kupalasa mpaka kunyanja ya Amaramba kwa mayi Safiya, amake a Amisi, amene nkhondo yonse anaithera m'mabango a m'mbali mwa nyanja.

Anawapeza akuyanika nsomba. Atalongosola chimene wadzera, anamuyalira mphasa, iye n'kulumikiza zitini zake n'kuliza nyimbo imene Amisi ankaikonda. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwaliza bwino, bambo," anatero. "Koma chida chanuchi chasasa. Mwana wanga mawu ake anali oyera. Akamaitanira anthu kumzikiti, ankamveka mpaka kwa asodzi pakati pa nyanja."

"Ankasasa, amayi, akakweza," anatero Tobiasi.

"Amisi? Ayi. Kapena munali ndi wina."

Apa m'pamene Tobiasi anazindikira kuti kusasa kumene anakusaka zaka zonsezi chinali chifuwa chikumumaliza mnzake. Sanawauze.

Mayiwo anapempha kuti achotse chosasitsacho abwerezenso nyimboyo. Anazula mawaya, naliza gitala yoyera, iwo akugwedeza mutu, misozi ili m'masaya.

"Eya," anatero mayi Safiya. "Ameneyo ndiye mwana wanga."

Tobiasi anatchera khutu mpaka nyimbo inatha, koma mnzake sanamumvemo.