Mfutso wa Amayi mu Tekawe

Amayi ankakhulupirira kuti ku Nathenje kulibe ndiwo. Ndinali nditaphunzitsa kumeneko zaka zambiri, ndili ndi nyumba yanga ndi firiji yanga, koma kwa iwo ndinali mwana wogona ndi njala. Mlamu wanga akamachoka ku Mitundu kudzagulitsa mtedza pamsika, ankamusenzetsa bakuli la mfutso wa khwanya wotendera kuti andipatsire. Nsinjiro ankasinja okha mumtondo. Za kuchigayo ankati zimanunkha chitsulo.

Kwathu bakuli silibwerera lopanda kanthu. Umaikamo kashuga, kasopo, ngakhale mchere. Ine ndinkangoti ndikonza sabata yamawa, mpaka mabakuli onse anayi a Amayi anaunjikana pakabati yanga. "Iwe, watsegula sitolo ya mabakuli kodi?" anandifunsa pafoni tsiku lina akuseka. Sanasiye kutumiza. Anayamba kutolera timabokosi toyera topepuka tija amaikamo mpunga paukwati, timene timati tekawe. Ankatitsuka bwinobwino n'kutiyanika pathandala.

Komaliza kanafika Lachisanu, atakamanga ndi kansanza ka chitenje kuti kasatseguke panjinga. Ndinali nditaphika nyemba, ndiye ndinangokaponya mufiriji, malo oumitsa aja. Lachiwiri m'mawa Amayi anagwa akusesa pabwalo. Anamwalira galimoto yowatengera kuchipatala isanafike.

Nditabwerako kumaliro ndinakapeza katekawe kaja pomwe ndinakasiya. Masabata atatu ndinkangotsegula firiji, kukayang'ana, n'kutseka. Magetsi akazima mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti zovala zawo tidzagawana ndipo zidzakhala zaka, koma ndiwo zophika ndi manja awo zinatsala zokhazo padziko lonse. Ndinkafuna kuzidya zonse, osatayako ngakhale pang'ono. Nchifukwa chake sindinafune kuzitenthetsa mupoto. Ndinaopa kuti zina zikakamira pansi.

Kusukulu kwathu, m'chipinda cha aphunzitsi, muli mayikulowevu. Tinkatenthetsamo chilichonse: mpunga m'kontena ya majarini, mbatata mujumbo, tchipisi mutekawe. Mphunzitsi wa sayansi, bambo wodekha wa imvi, ankatiletsa kawirikawiri, ife n'kumamuseka kuti sukulu inamupitirira. Ineyo ndinkaseka nawo kwambiri.

Tsiku lina ndinapita nako katekawe kaja kusukulu, n'kudikira kuti anzanga apite m'makalasi. Ndinamasula kansanza kaja, n'kulowetsa katekawe momwe kanalili. Ndiwo zinali gwa ngati mwala. Mphindi imodzi sinachite kanthu, ziwiri chimodzimodzi, ndiye ndinapotokola kabatani mpaka kumapeto, ndikuti ndizimitsa ndekha zikafewa.

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka odi. Anali mayi wina wachikulire wa komiti ya makolo, amene sanathe kufika kumaliro ndipo anabwera kudzandipepesa. Munthu wodzapepesa sumuuza kuti tadikirani kaye. Tinatuluka, tinakhala pakhonde, iye anagwira dzanja langa ndi manja awiri n'kuyamba kufunsa mmene zinakhalira. Ndinafotokoza kuyambira patsache mpaka kumanda. Anapemphera. Ali mkati mwa pempherolo ndinamva fungo, koma sindikanadzuka asananene ameni.

Nditatsegula mayikulowevu, utsi wonunkha unandiwomba kumaso. Katekawe kanali katakwinyika. Chivindikiro chinali chitamira m'ndiwo, m'makona mutabooka, mafuta akuyenderera. Zoyera zija zinamatirira pamasamba moti sukanasiyanitsa nsinjiro ndi bokosi.

Mphunzitsi wa sayansi analowa atamva fungolo. Anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Madamu, zimenezo musadye," anatero. "Nsinjiro zili ndi mafuta. Mafuta akatentha kwambiri amasungunula zinthu zimenezi, ndipo zoipa zake zimalowa m'chakudya. Ngakhale pamene pakuoneka bwino sitingapakhulupirire. Mukanangokhuthulira m'mbale yagalasi."

Mbale zagalasizo zinali pomwepo, pamwamba pa kabati, zitatu, zotsukatsuka.

"Anaphika ndi Amayi," ndinatero.

Anayamba kutambasula dzanja ngati akufuna kulanda, kenako analibweza. "Pepani, Madamu," anatero motsitsa mawu. Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndinadzikwiyira kuposa tsiku lina lililonse. Mayi wosadziwa kuwerenga anathyola khwanya, kufutsa, kuyanika, kusinja mtedza, kuphika, kutsuka kabokosi kotola paukwati wa eni, zonse mosalakwitsa. Ine wa masatifiketi ntchito yanga inali kutenthetsa basi.

Ndinakhala pampando ndi supuni. Ndinkadziwa kuti bamboyo akunena zoona, ndipo lero mnzanga akafuna kulowetsa pulasitiki mmenemo ndimamulanda ndine, ngakhale andiseke. Koma tsikulo ndinafunafuna pakati penipeni, pamene panalibe choyera chilichonse, n'kutapa pang'ono. Ndinatseka maso kuti ndimve dzanja la Amayi komaliza, kamchere kawo kochepa kaja ndi nsinjiro za mumtondo.

Ndinatafuna nthawi yaitali ndikudikira. Mkamwa munangomveka pulasitiki wopsa. Ndinalavulira m'dzanja, belu linalira, ndipo ndinapita kukaphunzitsa.