Ndinasenda chinangwa kuti ndimve za mayi anga

"Tseka kope lakolo," anatero amayi aang'ono. "Kuno si ku khoti."

Ndinatseka. Ndinali nditayenda wapansi kuchokera ku Chipyela mpaka ku Mbungo, kope latsopano m'khwapa, cholembera m'thumba. Mayi anga anamwalira ndili wakhanda. Mwana wanga wamkazi amene amakhala ku Mzuzu anandifunsa pa foni kuti agogo akewo anali munthu wotani. Wowadziwa wotsala anali mng'ono wawo yekhayu, wokalamba, koma lilime likadali lakuthwa.

Sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Ntchito yanga ndi yokhoma mabwato. Cholembera ndinkachigwira pongolemba miyeso ya matabwa. Ndiye mafunso anga anali ouma: anabadwa liti, anabatizidwa liti, anakwatiwa liti.

"Zimenezo kafunse ku tchalitchi, ali ndi mabuku aakulu. Khala pansi, ukundiimirira pamutu."

Ankasenda chinangwa choti akanyike m'madzi. Mpeni wina unali pamwala. Manja anga sadziwa kukhala chabe. Ndinautola.

"Ha! Anthu a ku Mbungo, bwerani mudzaone! Bambo wa imvi akusenda chinangwa!" Anasuzumira m'dengu. "Taona, ukutaya chakudya pamodzi ndi makoko. Ndendende mayi ako. Manja ake anali a nkhafi, osati a mpeni."

Sindinadzutse mutu. Ndinangosenda.

Nkhani inayamba yokha. Akuti mayi ankapalasa bwato la agogo mpaka tsidya la Mozambiki kukatenga nkhuni, amuna n'kumangoyang'ana. Sitima ikafika ankaima pakati pa madzi, iwo n'kumatenga anthu kupita nawo kumtunda. Tsiku lina munatsika mnyamata wochokera ku Joni: suti yakuda, nsapato zonyezimira, chipewa pamutu. M'bwato anakana kukhala pansi, kuopa kunyowetsa thalauza.

"Mayi ako anamuuza kawiri, khalani pansi achimwene. Iye akuyankha Chingelezi. Kachitatu sananene. Anangopendeketsa bwato. Phava!"

"Ndani ameneyo?"

"Bambo ako, chitsiru iwe! Ndipo choyamba kuvuulidwa chinali chipewa. Mwini wake pambuyo."

Ndinaseka mpaka mpeni unagwa. Bambo anandilera zaka zonsezo ali duu, sanandiuzepo kuti anamwa madzi a m'nyanja atavala suti. Amayi aang'ono nawo anaseka, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Dzanja langa linapita pa kope. Iwo pakamwa tseke.

"Ukagwira chimenecho ndikhala chete. Sindingalankhule ndi munthu woyang'ana pepala."

Ndinalibweza dzanjalo. Tinamaliza dengu lonse. Ndinamva kuti mayi ankaimba mokweza m'kwaya ngakhale mawu awo anali oipa, ankaopa nkhuku yofungatira, ndipo ine anandibereka kumbuyo m'bwato ndisanathe ndi miyezi itatu yomwe.

Zonsezo zinali m'mutu mokha, ndipo mutu wanga umadontha. Ndinafuna mthunzi woti ndikhale ndekha, ndilembe zisanatayike. Ndinaimirira pang'onopang'ono ngati wosenza ndowa yodzaza.

"Sudikira tiyi?"

Ndikanayankha, china cha m'mutumo chikanagwa.

"Iwe! Osatsanzika n'komwe? Mwana wopanda mwambo!" Ankakuwa uku akuseka.

Ndinalowa kanjira ka pakati pa miyala, milomo ili chitsekere.