Chitseko cha Mlombwa

Ndinakwatira kufupi ndi Mkaika nthawi ya Chitaganya, ndevu zisanagwirane bwino, ndipo monga mwa mwambo ndinapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Chikamwini sichiwawa chaka choyamba. Chimayamba kuwawa ukaona kuti munda womwe ukuzulamo zitsa si wako, nkhokwe yomwe unaluka wekha amatsegula ndi apongozi, ndipo ukakweza mawu m'nyumba mudzi wonse watchera khutu. Kanyumba kathu kanali kolowa chowerama, chitseko chake cha mapesi. Mwana atabadwa ndinati basi, ine ndikufuna chitengwa, andilole nditenge mkazi ndi mwana tikakhale kwathu kufupi ndi Sinda.

Wovomera kapena kukana anali mmodzi yekha: amalume a mkazi wanga, mwini mbumba. Iwowa anali kalipentala ku Katete, kuseri kwa sitolo ya Msilamu wina wochokera ku Nyasalande.

Kwathu ndinamanga nyumba yazidina, yaitali, yoti munthu alowe mutu uli m'mwamba. Akulu anga, omwenso anali nkhoswe yanga, atayizungulira anati, "Nyumba wamanga. Koma chitseko ukapangitse kwa amalume a mlamu. Akasema okha chitseko cha nyumba imeneyi, pokana chitengwa adzayambira pati?"

Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinayeza khomo ndi luzi, mfundo ina ya msinkhu, ina ya m'mimba mwake, n'kupita nalo ku Katete. Ndinanjuta, ndinawomba m'manja, ndinachita zonse zimene mkamwini amachita. Anakoka luzilo pa thabwa, analemba ndi pensulo ya kukhutu, n'kundibwezera.

"Cha mlombwa, apongozi," ndinatero. "Wouma."

"Akamwini akufuna chitseko cha kwa Bwana Disi," anauza telala wa pakhonde la sitolo, onse n'kuseka. Nanenso ndinaseka. Mtedza wanga wa chaka chimenecho unathera pamenepo.

Tsiku lokatenga, chitseko chinali chofiirira, chopakidwa mafuta, chonyezimira ngati msana wa ng'ombe yonenepa. Ndinachikulunga m'masaka, ndinayala udzu pa njinga, n'kuchimanga chogoneka. Sindinakwere ngakhale potsetsereka. Ndinakankha njinga msewu wonse, lole ikamabwera ndinkapatukira kutchire mpaka fumbi litatha. Unali mwezi wa kutentha kuja mvula isanayambe, phazi likamapsa ngakhale mu nsapato za matayala.

Kwathu ndinachitsamiritsa pakhoma, padzuwa, n'kupita kukabwereka tchizulo. Pobwera ndinapeza njuchi zikuzungulira thabwa lapakati. Chinthu chonga uchi chinali chikutsika pang'onopang'ono. Ndinakhudza. Phula. Phula losakaniza ndi utuchi, ndipo pamene linasungunukapo panatseguka mng'alu wautali ngati mkono wanga. Ndinalowetsa udzu, unatulukira kuseri. M'kati mwa mng'aluwo munali mwakuda, mwakalekale. Mtengo wong'aluka lero umakhala woyera m'kati, zimenezo ngakhale ine wosiyira sukulu panjira ndimazidziwa.

Mutu wanga unatentha kuposa dzuwalo. Akulu anga anandipeza ndikumanganso chitseko pa njinga.

"Ukupita kuti?"

"Kukamubwezera mwini wake."

"Iwe, khala pansi. Mkamwini sakadandaula yekha kwa mwini mbumba. Nanga ine ntchito yanga n'chiyani? Ndipita ndine, nkhuku kukhwapa, ndikanena kuti chitseko chavulala panjira."

"Panjira pati? Ndachinyamula ngati dzira ine!"

"Ndikudziwa. Iwonso akudziwa. Timanena choncho kuti akonze opanda manyazi. Ukufuna chitseko kapena ukufuna mkazi?"

Ndinati ndikufuna zonse, ndipo bodza loti ndaswa ndine sindilisenza. Anandilanda chingwe, n'kunena kuti tikambirana mawa akabwera kudimba. M'mawa iwo atangonyamula khasu, ine ndinanyamula chitseko.

Ndinafika ku Katete dzuwa lili pamutu, pakhonde la sitolo pali anthu ambiri ogula mchere ndi nsalu. Amalume a mkazi wanga anali akupala thabwa. Sindinanjute. Sindinavule chipewa. Ndinamasula chitseko n'kuchigwetsa pamapazi awo, fumbi n'kuti buu.

"Akamwini, mwabwerera? Nyumba yachikana?"

Telala uja anaseka. Kusekako n'kumene kunandimaliza.

"Munamata phula," ndinatero mokweza. "Munandigulitsa thabwa long'aluka, mwaphimba ndi mafuta. Kuba kumeneku! Anthu inu bwerani mudzaone ntchito ya kalipentala wanu!"

Anabweradi. Mwini sitolo anatuluka, kofia kumutu, n'kundigwira paphewa. "Mwana wanga, tamwa madzi kaye. Awa si bambo ako awa?" Ndinachotsa dzanja lake.

Amalumewo sanakweze mawu. Anawerama, anayendetsa chala chachikulu mumng'alu kuyambira kumwamba mpaka pansi, anachinunkhiza, anachipukuta pa kabudula.

"Kanali kamng'alu kakang'ono," anatero. "Phula timaika tonse. Dzuwa la kwanu ndilo lakulitsa."

"Kakang'ono kolowa udzu?"

Anandiyang'ana. Makina a telala anali atasiya kulira.

"Ankhoswe anu ali moyo?"

"Ali moyo."

"Oo. Ndimayesa anatisiya, poona mwabwera nokha. Siyani chitsekocho. Ndikonza."

Anatenganso chopalira chawo, n'kupitiriza ntchito ngati ine ndachoka kale.

Nkhani inandipitirira panjira. Pofika kumudzi kwa mkazi wanga, apongozi aakazi anali atalowa m'nyumba, ana atasiya masewera kumandiyang'ana. Mkazi wanga anandipatsa madzi osamba. Kenako, mwana ali kubere, anati, "Inu, munapita kukatenga chitseko kapena kukatenga mlandu?"

"Anandinamiza, amake mwana."

"Ndakana ine? Amalume ndimawadziwa, mpando wa amayi uja unathyoka tsiku lomwelo. Koma amayi anapita kumsika kukakuwa? Ine miphika yanga ndinali nditaika kale padera. Mumayesa kuno mukutopa nokha?"

Sindinkadziwa kuti nayenso ankafuna kuchoka chomwecho.

Akulu anga anapita ku Katete ndi tambala, osandilankhula. Tambala analandiridwa. Za chitengwa anangouzidwa kuti tamva. Masiku anapita, mitambo inayamba kusonkhana chakum'mawa, anthu anamaliza kusosa. Ine ndinalibe podziwira munda woti ndigwire, wa kuno kapena wa kwathu. Ndinkangonola khasu.

Tsiku lina masana ngolo inalowa m'mudzi, n'kuima pakhomo pa kanyumba kathu. Woyendetsa anatsitsa chinthu chokulungidwa m'masaka anga omwe aja.

"Akuti mukoleke mvula isanagwe."

"Walakwitsa mudzi," ndinatero. "Ichi n'chopita ku Sinda."

"Anandiuza kuno."

Ndinavundukula. Thabwa lapakati linali latsopano, mlombwa wouma, wopanda chilema ngakhale pokanda ndi chikhadabo. Ndinaunika padzuwa, ndinagogoda paliponse. Ntchito yabwino kuposa yoyamba ija. Koma maso anga anakana china chake. Luzi lija linali likadali m'thumba la malaya. Ndinaliyala pachitseko, mfundo ya msinkhu inapitirira, n'kumalendewera pansi. Anali atachidula, kumwamba ndi m'mbali.

Mkazi wanga anachotsa chitseko cha mapesi chija, n'kuchiika pambali. "Tayesani," anatero motsitsa mawu. "Amayi anabwera ndi luzi lawo dzana, inu mutachokapo."

Ndinachiimika pakhomo la kanyumbako. Chinalowa ndendende, osasiya mpata ngakhale wa mphemvu.

Nkhwangwa inali pomwepo pakhonde, ndipo ndinaiyang'ana, sindibisa. Mwana anali akukwawa pafupi ndi mapazi anga, akumenya thabwa latsopanolo ndi kadzanja kake. Ndikanapita kwathu, ndikanapita ndekha, pakuti mwana ndi wa kwa amake. Ndinatuma mkazi wanga akabwereke hamala.

Chaka chimenecho ndinadzala munda wa apongozi, chotsatira chakenso chimodzimodzi. Nyumba ya ku Sinda inakhala chiyasamire, mbuzi za akulu anga zinkagonamo, mpaka khoma lakumvula linagwa. Akulu angawo mpaka lero akati atchule nkhaniyi amayambira pa chipewa chomwe sindinavule. Ine ndimayambira pa phula, chifukwa phulalo linalipo, ndinaligwira ndi chala changa.

Alendo akafika m'mudzi muno amaima pakhomo pathu, amasisita mlombwa uja, n'kufunsa kuti anapanga ndani chitseko chokongola chotere. Ndimawauza kuti ndi amalume a akazi anga, a ku Katete. Kenako ndimawachenjeza kuti aweramitse mutu polowa.