Madzi Amene Ndinatunga ku London

Senderani kuno, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Mawu anga safika patali masiku ano.

Ine ku London sindinkakufuna. Koma Esinati, mwana wanga amene ndi nesi ku Romford, ku London komweko, anaimba akulira: "Amayi, khandali ndimusiyira ndani?" Ndinasiya mbuzi zanga kwa anthu, n'kukwera ndege.

Kumeneko ntchito yanga inali matewera ndi kuyang'ana pazenera. Kuzizira kolowa m'mafupa. Akumudzi akaimba, moni ankangomulumpha: "Feteleza, agogo." Wofunsa ngati ndadzuka bwino panalibe.

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala nkhalamba yachizungu, a Harold, oyendera njinga ya olumala. Tinkangogwedezerana mitu. Tsiku lina tinawapeza pakhomo atavala jekete la mamendulo, maluwa pamwendo, wowakankha sanabwere. Esinati anati, "Ndili pa ofu, amayi, tiyeni tiwaperekeze."

Tinakafika kumtsinje waukulu wa mu London. Anayamba kuponya maluwa limodzilimodzi, lililonse ndi dzina la munthu. Esinati ankandimasulira. Ali mnyamata, pa nkhondo yaikulu yachiwiri, sitima yawo inaima padoko, ena akumeta ndevu, ena akumwa tiyi. Adani anaidzera pansi pa madzi n'kuiphulitsa. Anzawo onse anamira nayo. Iwo anapulumuka chifukwa anawatuma kukataya zinyalala pamwamba.

Atate anga, a Yotamu, anapita ku nkhondo yomweyo ine ndili m'mimba. Wobwerako anati sitima yawo inaphulitsidwa asilikali akudya. Kwathu mtembo ukasowa timaika thunthu la nthochi. Amayi anakana. "Sindinamuone atafa," ankatero, mpaka anamwalira akuyang'ana kunjira. Atate analibe manda.

"Uwauze," ndinatero.

"Amayi, nanunso, pano?"

"Uwauze iwe!"

A Harold anamvetsera, kenaka anandipatsa duwa lotsala. "Akuti madzi onse amakakumana," anatero Esinati. "Akufunsa dzina." Ndinatchula. Anabwereza, "Yo-ta-mu," lilime likuwakana, dzanja pachipumi ngati msilikali. Ndinakhuthula madzi anga akumwa m'botolo, ndinatsika masitepe, n'kutunga a mumtsinjemo.

"Ndi akuda amenewo, amayi!"

"Sindikumwa."

Nditabwerera kuno, pakhomo panadzaza anthu odikira chikwama. Nsapato zinatha, majuzi anatha. Nditatulutsa botolo, mlamu wanga anatambasula dzanja: "Odzola amenewo?" Ndinati ayi, ndikufuna tiike maliro a Yotamu. Anayang'anana. "A Yotamu ake ati?"

Ndinakhala pansi. M'mudzi umene atate anaulimira, wodziwa dzina lawo ndinali ine ndekha, kuphatikizapo mzungu wa ku Romford.

Okumba manda anati sakumbira botolo. Sindinalimbane nawo, mphamvu ndinalibe. Ndinapempha njira ya kumanda, ndinakagwada pamtumbira wa amayi, n'kuthira madziwo pang'onopang'ono. Ndinati, "Amayi, afika. Lekani kuyang'ana kunjira." Dothi linamwa onse.

A Harold anamwalira chisanu chotsatira. Esinati akadali ku Romford, ndipo chaka chilichonse amakaponya maluwa awiri, la a Harold ndi la agogo ake. Khanda lija lakula, ndikalifunsa m'Chichewa limandiyankha m'Chingerezi. Mbuzi zanga sindinazipeze. Ine ndi uyu, mawondo anatha.

Tsopano musanatole mafoniwo, tchulani dzinalo ndimve.