Ufa Umene Ndinaonjezera M'timakeke ta Mdzukulu

Ine ndine munthu woimba. Posenda chinangwa ndimaimba, pochapa ndimaimba, ngakhale pamaliro anzanga amachita kundikoka chitenje kuti ama, tsitsani mawu, si paukwati pano. Koma nkhani iyi ndikamaikumbuka mawu amatsika okha. Ndi nkhani ya timakeke ta mabulosi, ya mdzukulu wanga wamkazi, ndi ya mayi ake amene ndinamulakwira dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wanga wamwamuna anali ku Joni masiku amenewo. Pakhomo pano, kumtunda kwa msewu wa tala ukangodutsa pa Chintheche, tinatsala atatu: ine, mkazi wake, ndi kamwana kawo ka zaka ziwiri. Mkazi wa mwana wako kuno timati mkamwana. Wangayo ndi wa ku Dedza. Chitonga ankachimva mwa apo ndi apo, ndiye m'nyumba tinkayankhula Chichewa, iye chake chosalala, ine changa cha pawailesi ndi pamsika. Ankagwira ntchito kukhitchini pa loji ina ku Kande. M'mawa kukwera minibasi, madzulo kubwera akununkhira anyezi ndi sopo, miyendo itatupa ndi kuimirira.

Kamwanako kanadwala malungo nyengo ya mwera. Malungo anachoka, ee, anachoka, tinayamika, koma anapita nacho chilakolako cha chakudya. Phala, kulavula. Usipa, kulavula. Dzira lowiritsa ankalilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kukapatsa galu. Timikono tinatsala ngati timitengo ta chinangwa. Kusikelo alangizi a zaumoyo anati mwanayu akufunika zomanga thupi, soya, mtedza, mazira, mkaka. Kunena n'kosavuta. Nanga mwana watseka pakamwa, mulowetsera pati?

Chimodzi chokha ndicho ankachifuna: mabulosi. Kuseri kwa bafa tili ndi mtengo wake, ndipo chaka chimenecho unabereka mpaka nthambi kugwada. Mwana ankakhala pansi pake phee, kutola, kudya, kutola, kudya, pakamwa pali bii.

Lamulungu lina titabwera kutchalitchi mkamwana anandiitana.

"Amayi, tabwerani muone. Mwanayu timupusitsa."

Anatenga ufa wa soya wokazinga, nsinjiro, ndi fulawa pang'ono. Anaswa mazira atatu. Anathira mkaka, anakanya nthochi yakupsa, kapawuda kotupitsa, kashuga ka pansonga ya supuni. Pomaliza mabulosi odzaza manja awiri, osatakasa kwambiri, akuti angaphulike. Uvuni tilibe. Anayala mchenga wa kunyanja pansi pa sefuliya yaikulu, n'kuimika m'menemo zitini za tomato zotsuka bwino, zopaka mafuta. Sefuliya pambaula, lata pamwamba, makala pamwamba pa lata. Moto pansi, moto pamwamba.

Mayo, fungo lija! Linazungulira nyumba, linalowa m'khola, linatsika mpaka kumsewu. Atavundukula, timakeke tinali titatupa, timitu tozungulira, timaso ta mabulosi tikuyang'ana kunja. Kuloji amati mafini. Ine lilime linakana, ndinkangoti timakeke.

Mwana anaona mabulosi, anatambasula dzanja. Anayamba n'kutokosola zipatso zokha, kenako chala chinalowa pakamwa ndi keke yomwe, kenako kakeke konse kanatha. Anati, "Kena." Ine nthungululu, ine kuvina ndi mthiko m'manja, ine kuimba kuti wadya wadya mwana wadya, galu lero wagona ndi njala. Mkamwana ankangoseka, misozi ili m'maso.

Madzulo omwewo anasakaniza ufa wonse m'kandowa ka chivundikiro, wokwana mpaka tsiku la sikelo. Anandiphunzitsa bwinobwino.

"Makapu awiri, mazira atatu, mkaka kapu imodzi. Lolemba ndi Lachinayi muziphika. Azidya tiwiri patsiku. Mutha, amayi?"

"Inu, ine ndalera ana asanu ndi awiri. Ndilephere zitini za tomato?"

Lolemba ndinaphika bwino, Mulungu ndi mboni. Vuto linabwera Lachinayi, chifukwa Lachinayi ndilo tsiku limene amayi anzanga a kutchalitchi amabwera pakhonde langa kudzakonzekera nyimbo. Anafika sefuliya ili pamoto. Tinayamba ndime yoyamba, koma mphuno zonse zinali zitatembenukira kukhitchini. Mnzanga wina wa kalekale, amene tinabatizidwa naye tsiku limodzi, anasiya kuimba.

"Ama, kodi mwatsegula bekale osatiuza?"

"Ayi, ndi tamwana."

"Ife si ana a Mulungu?"

Onse gwa, kuseka. Kuno munthu akakhala pakhonde lako fungo n'kumupeza, sungabise mbale. Ndinatulutsa kamodzi kuti agawane. Ananyema tizidutswa, analawa, anatseka maso. Wina anagwira manja anga n'kuwatembenuza ngati akuona nsalu pamsika. Akuti manja awa, manja awa, ndani ankadziwa? Akuti ngakhale a kuloji sangafike apa. Ndinayenera kunena kuti luso ndi la mkamwana wanga. Sindinanene. Mawu aja ananditsekemera kuposa shuga. Ndinatulutsa kachiwiri, ndinatulutsa kachitatu.

Lachinayi linalo anabwera ambiri, ngakhale aja amene nyimbo sadziwa chiyambi chake. Ndinaphika sefuliya ziwiri. Nditayang'ana m'kandowa, ufa unali utatsika ngati madzi a pachitsime mu Okutobala. Mkamwana akavundukula aona chiyani?

Pakona panali thumba langa la ufa wa kondowole, woviika ndekha, woyanika ndekha, wosinja ndekha. Ndinadziuza kuti ufa ndi ufa. Kondowole anandilera ine, analera ana anga, amuna onse opalasa mawato panyanjapa ndi a kondowole. Soya anabwera liti kuno? Ndinatapa mbale imodzi, n'kuthira, n'kusakaniza. Ufa unakwera kufika pamene unayenera kukhala. Sabata inayo mbale ziwiri. Mazira atatu anasanduka awiri, awiri anasanduka limodzi, poti nkhuku sizinkadziwa kuti pakhomo pakula. Pa mkaka ndinaonjeza madzi. Poona kuti timakeke tayamba kuyera, poti soya ndi wachikasu ndipo kondowole ndi woyera mbuu, ndinachulutsa mabulosi kuti mtundu ubisike. Taonani, ndinabisa. Munthu amene akuganiza kuti sakulakwa sabisa.

Timakeke tinasiya kutupa. Tinkatuluka tolemera, tonanda m'kati. Amayi anzanga akuti tsopano ndiye mwakhoza, izi ndiye zogwira m'mimba. Mwana naye ankadya, kamimba tuu, ine n'kumati onani wakhuta. Koma pomusambitsa, timikono tinali tomwe tija. Ndinkamupukuta msangamsanga, ndikuyang'ana kumbali.

Madzulo aliwonse mkamwana asanavule nsapato:

"Wadya, amayi?"

"Wadya. Tiwiri."

Si bodza, komanso si zoona. Iye sanalawe n'kamodzi komwe. Ndikamupatsa ankakana, akuti n'ta mwana, ine ndadya kuntchito. Mayi wake weniweni ankakana kachidutswa, ine ndikudyetsa khonde lonse.

Tsiku la sikelo anapempha tchuthi, tinapita tonse. Sikelo amaipachika panthambi ya mango, mwana n'kumulendeweretsa m'chitenje, amayi onse atakhala pansi akuonerera. Wathu anamukweza. Alangizi, mayi wachitsikana wa mawu akuthwa, anayang'ana muvi, anayang'ana khadi, anayang'ananso muvi. Mzere umene umayenera kukwera phiri unali utagona, nsonga yake ikuloza pansi.

"Mayi ake ndani?"

"Ndine."

"Tinakuuzani chiyani mwezi watha?"

"Soya, mtedza, mazira. Ndikumupatsa."

"Mukumupatsa? Sikelo sinama, mayi. Masana mumakhala kuti?"

"Kuntchito, ku Kande."

"Eya. Kuphikira alendo, wanu akuuma. Kukanakhala kuti kulibe agogowa, bwenzi tikunena zina."

Kumbuyo kwathu amayi ananong'onezana m'Chitonga kuti akazi obwera ndi choncho, amakonda yunifomu kuposa mwana. Ankaganiza kuti sakumva. Anamva, ndinaona makutu ake. Ndipo ine, ine woimba pamaliro, ine wosatha kutseka pakamwa, ndinakonza duku langa n'kukhala chete.

Titafika pakhomo mkamwana anakhazika mwana pamphasa.

"Amayi, ntchito ndisiya. Mawa ndikawauza. Mwina mwanayu akufuna ine."

Ntchito imeneyo anaifunafuna zaka ziwiri. Anayamba ndi kutsuka mapoto, ndipo a kuloji anali atangoyamba kumupatsa mbali ya makeke.

Analowa kukhitchini. Ndinamva chivundikiro cha kandowa. Ufa wa kondowole uli ndi fungo lake la kuviika, lowawasa, wakuno salimva koma wa ku Dedza amalimva ali pakhomo. Anatuluka ufa uli pachikhatho. Anandiyang'ana, kenako anagwetsa maso, n'kugwada monga amachitira poyankhula nane.

"Amayi, ufawu waonongeka. Kapena ndine ndinautseka molakwika."

Ankadziwa. Ankadziwa bwinobwino. Koma mkamwana sangaloze chala apongozi ake, ndiye mlandu anaunyamula n'kudzisenzetsa yekha, kachiwiri tsiku limodzi. Kukalipa kukanandipepukira. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Dzukani, mwana wanga, dzukani. Simunatseke molakwika. Ndine. Ndinathira kondowole. Ndinadyetsa a Lachinayi. Mazira ndinachepetsa, mkaka ndinathira madzi, mtundu ndinabisa ndi mabulosi. Ananditama manja, ine n'kukhuta kutamidwa. Ntchito musasiye chifukwa cha ine."

Anayang'ana ufa uja pachikhatho pake.

"Mukanangondiuza, amayi. Ndikanawaphikira tawo tawo, ta ufa wamba."

Basi. Anakhuthula kandowa konse kwa nkhuku.

Ntchito sanasiye, koma m'mawa mwake anabereka mwana n'kukwera naye minibasi. Anapangana ndi mkazi wa mlonda wa kuloji kuti azimusungira masana, pafupi, kuti popuma azikamudyetsa yekha. Timakeke ankaphika kukacha, asananyamuke. Ine ndinkamva lata ikulira, makala akuthetheka, koma sanandiitane, ndipo sindinayerekeze kutuluka. Ankandipatsa moni bwino, madzi osamba ankanditenthetsera monga kale. Koma masana pakhomo panali zii. Mabulosi ankagwa okha n'kuolera pansi. Mdzukulu wanga kusungidwa ndi mlendo, agogo ake ndili moyo, ndili ndi msana!

Lachinayi amayi anabwera, mphuno m'mwamba. Panalibe fungo.

"Bekale yagwa, ama?"

Ndinawauza zonse, kuyambira mwini luso mpaka kondowole. Mnzanga uja anagwira pakamwa.

"Ndiye mukuti mnofu wa mwana uli m'mimba mwathumu?"

"Uli m'menemo. Wambiri uli mwa inu, munkatenga tiwiri."

"Aa, inu! Munkachita kutikakamiza!"

Tinaseka pang'ono, kuseka kwa manyazi. Tsiku limenelo nyimbo sizinayende. M'mawa mwake wina anabwera ndi mazira m'kambale, wina mtedza m'chitenje, wina anangobwera kudzapepesa chimanjamanja. Mkamwana analandira, anati yewo, liwu lothokoza la Chitonga limene amalitchula bwino. Koma mwana anapitabe naye ku Kande.

Mwezi unatha. Tsiku la sikelo mkamwana sanandiitane, ndinangomanga duku n'kutsatira pambuyo. Anamukweza panthambi paja. Muvi unagwedezeka, unagwedezeka, unaima. Alangizi analemba kadontho. Mzere unali utadzutsa mutu, pang'ono pokha, koma unadzutsa.

"Eya, tsopano ndiye zikuoneka. Agogo, mwagwira ntchito."

Ndinaimirira. Mawu ndili nawo, ndipo tsiku limenelo ndinawagwiritsa ntchito yake. Ndinanena m'Chichewa kuti alangizi amve, ndinabwereza m'Chitonga kuti a kumbuyo amve.

"Si ine. Mwezi watha mwana anatsika chifukwa cha ine. Mayi ake anasiya soya ndi mazira, ine ndinadyetsa anzanga, mwana n'kumupatsa kondowole. Munakalipira wosalakwa ine ndili pompano. Mwezi uno wakwera chifukwa mayi akeyu wandilanda mphika."

Kenako wina kumbuyo anati, "Agogo awa!" ndipo anthu anaseka. Alangizi sanaseke. Anatembenukira kwa mkamwana n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndinafulumira." Kwa ine anati kondowole si woipa, koma payekha amangodzaza mimba, samanga thupi. Ndinati ndamva, ndamva ndi makutu onse awiri.

Pobwerera tinayenda mpaka pamsewu. Minibasi ya ku Kande inali itaima, kondakitala akumenya chitseko. Mkamwana anaima kaye, akuyang'ana minibasi, akuyang'ana ine. Kenako anamasula chitenje pachifuwa.

"Tembenukani, amayi."

Ndinatembenuka, ndinawerama. Anandiika mwana kumsana. Anali wolemererapo, ndinamumva m'chiuno. Anandipatsira kathumba ka pulasitiki, muli timakeke tiwiri.

"Kena masana, kena dzuwa likapendeka. Ta mawa ndiphika ndekha."

"Ndamva."

"Lero ndi Lachingati, amayi?"

"Lachiwiri."

"Chabwino."

Anathamangira minibasi, kondakitala akukuwa kuti fulumirani alongo. Ine ndinamanga chitenje kawiri, ndinagwira kathumba ndi manja onse, n'kuyamba kukwera mtunda wa kwathu, mwana akundikoka duku.