Agogo Barnaba Ankanenepa M'nyengo ya Lenti

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Barnaba, chimayamba kundifika ndi fungo la buledi wotentha losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa, likutuluka mu mgolo umene anaumata dothi kuseri kwa nyumba yathu ku Yofu, pa chilumba cha Likoma. Anagwira ntchito zaka zambiri m'khitchini ya azungu ku Joni, ndipo pobwerera anabwera ndi jekete lakuda, zitini ziwiri zophikira buledi, ndi mimba imene sinkawapatsa mtendere. Loweruka lililonse ufa wa tirigu ukabwera pa sitima, ankakanda mtanda akuimba nyimbo za kwaya, manja ali mbuu mpaka m'zigongono, ife ana titaima pamzere kudikira zokokota za m'chitini.

Anali munthu woonda ngati bango, koma mimba ili tuu. Ena ankati anawalodza anzawo ku Joni. Chodabwitsa chinali chimodzi. Lenti ikafika ankasala buledi masiku makumi anayi, n'kumangodya kondowole ndi usipa ngati ife tonse, ndipo pamene anzawo osala kudya ankafota, iwo masaya ankatuluka. Agogo aakazi ankawanyogodola kuti, "Inu a Barnaba, mukudyera kuti? Munthu amanenepa pa Lenti?" Iwo ankasisita masaya n'kunena kuti, "Mulungu salipira mochedwa, mayi." Komabe ngakhale m'Lentimo, Lamulungu masana tikachoka ku Misa mimba yawo inkalira mpaka ife kumva, ndipo ankati, "Isiyeni, ikumaliza nyimbo imene kwaya inasiyira panjira." Pasaka ikadutsa, mgolo unkayakanso, masaya aja n'kubwerera kumene anachokera.

Anamwalira ndisanakwatiwe, matenda awo opanda dzina. Dzinalo ndalimva ndili ndi imvi, mdzukulu wanga Esinati atayamba kuonda chimodzimodzi ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kuchipatala chachikulu cha kumtunda anati ndi siliyaki: thupi lake limadana ndi tirigu, ndipo akaudya matumbo amakana kulandira chakudya. Anati amayenda m'magazi a pabanja.

Kuwoloka nyanja mwezi ndi mwezi sitikanatha, choncho adokotala, mayi wina woseka msanga, anatiikira zinthu m'foni. Mbale iliyonse Esinati aijambule asanadye. Loweruka akwere pa sikelo, atumize nambala. M'mawa uliwonse adine kankhope, koseka ngati wadzuka bwino, kolira ngati mimba yavuta. Poti ine zilembo sindizidziwa, adokotala ankatumiza mawu, ife n'kumawamvera pa mwala wa pafupi ndi mlambe, pamene netiweki imagwira. Ndinamugulira Esinati poto wake, mthiko wake, ndipo mandasi a ku Chipyela tinatsanzikana nawo.

Miyezi iwiri inatha, sikelo osasuntha. Adokotala anati zikapitirira chonchi, mwanayo akagonekedwe kumtunda, mayeso a sukulu amuphonye. Tsiku lina adokotala anaimba foni ya nkhope.

"Agogo, ndikuona tinkhope tolira Lolemba lililonse. Masiku enawa toseka. Lamulungu mwanayu amadya chiyani?"

"Zimene mwaona pa zithunzizo, adokotala. Kapena mukuti ndimamubisira sikono?"

"Esinati, ndiuze zoona, sindikukalipira. Pochoka kutchalitchi sugula kanthu panjira?"

Mwanayo misozi inalengeza. "Ndimadutsa pa mandasi nditatseka mphuno, adokotala. Afunseni agogo."

Adokotala atangoti kutchalitchi, ndinamva mimba ya agogo Barnaba ikulira m'makutu mwangamu, Lamulungu masana, m'kati mwa Lenti, buledi asanamukhudze milungu inayi. Ndinalanda foni ija.

"Adokotala, kodi mkate wa Mgonero nawonso tizijambula?"

Adokotala anagwira pakamwa. "Amalandira?"

"Lamulungu lililonse chilimbitsidwireni mu mpingo. Koma kaja n'kopyapyala ngati khungu la anyezi. Komanso si chakudya chija, ndi Mgonero."

"Agogo, Mulungu akudziwa kuti ndi Mgonero, koma matumbo akudziwa kuti ndi tirigu."

Tinaseka tonse atatu mpaka netiweki inathawa. Tangoganizani, zithunzi zonse zija, mbale ndi mbale, ngakhale mango ndi chinangwa chootcha, koma palibe Mkhristu wa pa Likoma amene akanaganiza zotulutsa foni atagwada kuguwa.

Ndinapita kwa abambo wansembe ndi mantha, poganiza kuti andiuza kuti mwanayo asiye kulandira. Iwo anamvetsera mawu a adokotala pa foni kawiri, n'kuitanitsa mkate wopanda tirigu pa sitima. Tsopano Esinati ali ndi kabokosi kake ndi kachikho kake paguwa, ndipo amayamba ndiye kulandira. Anzake amamutcha bishopu. Mayeso analemba konkuno, siketi ya sukulu tafutukula kawiri, ndipo Lolemba lapitali adokotala anatumiza mawu akuti, "Agogo, chepetsani kondowole, sikeloyo ingathyoke."

Chitini chimodzi cha agogo Barnaba ndikadali nacho. Sindiphikiramo kanthu. Ndimo timasungira foni kuti isanyowe tikamapita ku mwala kuja nthawi ya mvula, ndipo ndikachitsekula ndimawauza kuti, "Agogo, masaya aja sanali malipiro a Lenti ayi. Anali kondowole."