Orval Atchula Mtengo

Orval Pruitt sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Kwawo ku Alabama ankagulitsa magalimoto akale, ndipo ankanenerera chilichonse: matayala, milamba ya m'mbali mwa msewu, ngakhale bokosi la maliro a mayi ake. Anthu akamuseka, iye ankakanda chibwano n'kunena kuti, "Mtengo woyamba ndi moni chabe."

Mwana wake Coy anali ndi mkono woopsa. Akaponya mpira pa besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo, womenya ankangomva kuti phaa kumbuyo kwake, ndodo isanasunthe n'komwe. Koma za m'kalasi zinamukana, moti ku koleji kunalibe malo omudikirira. Njira inali imodzi yokha: timu yaikulu imusankhe, imupatse ndalama yosainira, apite. Kupanda apo, kunali kufakitale ya nkhuku, kumene manja a anyamata a m'tauniyo ankathera pa mpeni.

Nthawi yoti matimu asankhe itayandikira, kunabwera a Haskins, amene ntchito yawo inali kusakira timu ina osewera. Anakhala pakhonde, namwa tiyi wozizira, n'kufunsa zomwe amafunsa banja lililonse: "Mnyamatayu angasaine pa zingati?"

Coy anayang'ana pansi. Orval magazi anathamanga, poti apa ndiye panali pake. "Madola miliyoni imodzi, bwana. Kuchepera apo musavutike n'kuimba foni."

A Haskins sanatsutse. Anamaliza tiyi, nathokoza, nalowa m'galimoto. Orval anaima pageti akumwetulira, kudikira kuti abwerere monga amachitira wogula aliyense. Sanabwerere.

Amene anamutsegula m'maso ndi mphunzitsi wa mpira wa pasukulu ya Coy. "Achimwene, mwachita chiyani? Anthu awa sanenerera. Mukatchula zopitirira zomwe akonza, amangodumpha dzinalo n'kutenga mwana wina. Ana oponya ali mbwee dziko lino."

Kuyambira pamenepo Orval chakudya sichinkatsika. Kusankha kutayamba, mayina a ana a eni ankadutsa pa kanema, foni ili duu patebulo. Ankainyamula, kuona ngati ili ndi moto, n'kuibwezera. Mantha anamugwira zenizeni, mantha a munthu amene waphwanya chinthu chosakhala chake.

"Bambo a Coy," anatero mkazi wake Neva akudula mkate wachimanga, "mwana wanga mumamuyesa lole yakutha eti? Inu ndi pakamwa panupo!"

Chimene chinamupweteka Orval kwambiri ndi Coy, amene sanamunene ngakhale liwu limodzi. Mnyamatayo anangopita kwa msuweni wake kukabwereka majombo a kufakitale, n'kuwaika pakhomo mwakachetechete. Orval ankachita kuzungulira kukhomo lakuseri kuti asawaone.

Tsiku lomaliza la kusankhako, mayina atatsala ochepa, foni inalira. Orval anailumphira.

"Inde bwana, tavomera! Tavomera!"

"Sindinatchule kanthu, a Pruitt," anatero a Haskins. "Komanso wosaina si inu. Mupatseni mnyamatayo."

Coy anaikweza mawu kuti onse amve. A Haskins analankhula mothamanga. "Madola zikwi zana, mwana wanga. Uyankhe pompano, pali mnzako akudikira pa foni ina."

Orval anagwedeza mutu movomereza mpaka chipewa chinagwa. Neva anagwira pakamwa. Koma Coy anatsamira mpando, nakanda chibwano pang'onopang'ono, ndipo Orval atangoona dzanja limenelo anazindikira kuti mwanayo watengera iye.

"A Haskins," anatero Coy, "mtengo woyamba ndi moni chabe. Onjezanipo."

"Iwe!" ananong'ona Orval. "Iwe, vomera!"

Foni inangoti zii. Bata limenelo, la wogula amene akuganiza, Orval ankalidziwa, ndi lomwe ankadyera moyo wake wonse. Koma tsiku limenelo anagwira khoma, maso ali pa majombo aja, akupempha Mulungu kuti a Haskins asadule foni.